Za Zithunzi za Usiku pa Doko la Cape Town

Abale anga owerenga, ndiri ndi kanthu kamene ndinakaona ku dziko lakutali, ndipo kandikhalitsa ndi maganizo kufikira lero. Ndayesa nkwabwino kukufotokozerani, makamaka inu amene muli ndi ana ku maiko a eni, ndi inunso anyamata amene matupi anu ali pamudzi koma mitima iri kale pa ulendo.

Mwana wanga wacisamba atatha sukulu anapita ku South Africa kukafuna nchito, monga acita anzace ambiri. Anayamba wakhala ku Johannesburg, ndipo pambuyo pace anatsikira ku Cape Town, mzinda wa m'mbali mwa nyanja ya mcere. Atakhalako caka cimodzi anayamba kutitumizira zithunzi pa lamya ya m'manja. Sizinali monga zija tizolowera kuno, za munthu ataima pakhomo atabvala jekete lace latsopano ai. Zonse zinali za usiku, ndipo zonse zinali za doko, ndilo gombe lalikuru pokoceza zombo. Madzi ace anali osalala ngati galasi. Nyali iri yonse inali ndi minga ya kuunika monga nyenyezi. Pamwamba pa madzi panali mizere yaitali, ina yofiira ina yobiriwira. Ndipo pakati pa zonsezi panaima nsanja yofiira yokhala ndi koloko. Koma munthu munalibemo, ngakhale mmodzi.

Ine ndinakondwa nazo kopambana, ndipo pano ndiyenera kuulula kulakwa kwanga. Ndinapita nazo kutauni kukazisindikizitsa pa mapepala, ndi kuzipacika pa khoma la kalasi langa, ndi kunena kuti zidzathandiza pa phunziro la maiko. Koma m'kati mwa mtima ndinalikufuna kuti anthu adziwe kuti mwana wa aphunzitsi akhala pa malo otere. Ana anazipenya masiku onse. Cisanathe caka, anyamata awiri a Sitandade 8 analeka sukulu mayeso ali pafupi, nalowera kumwera. Mmodzi wa iwo polawira anati kwa ine, "Aphunzitsi, ife tikupita kuja kuli nyali zija." Sindinamyankhe kanthu, pakuti wopacika nyalizo ndinali ine.

Amace a mwanayo sanakondwe nazo konse. Cikafika cithunzi catsopano analikucipenya pang'ono, nabweza lamya, nati, "Kodi mwana wanga anasanduka nsanja? Zaka zinai tsopano ndingoona madzi ndi moto. Nkhope yace iri kuti?" Pa lamya tinalikumva mau ace okha, ndiwonso afupi: ali bwino, tisade nkhawa. Cotero pamene sukulu inatsekera mwezi wa December, anamasula ndalama zao za mtedza nandipatsa, nati, "Pitani mukamuone ndi maso, ndipo musabwere kuno opanda nkhope yace."

Za ulendo sindicurutsa mau. Basi inatiturutsa pa Dedza, tinaoloka Zambezi pa Tete, tinapyola Harare, tinaoloka Limpopo pa Beitbridge, ndipo ku Johannesburg ndinakwera ina imene inayenda usiku wonse ndi usana womwe. Mwanayo anandicingamira, ndipo pomuona mtima wanga unagwa. Anali woonda, ndi manja ace anali ong'aluka, pakuti nchito yace inali yotsuka mbale m'nyumba ina yodyeramo alendo pafupi ndi dokolo. Kogona kwace kunali kutali, ulendo wa ola lathunthu, m'kacipinda ka malata kamene analikugawana ndi anzace atatu. Ndinakumbuka mau a akuru akuti cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Usiku womwewo anaturutsa bokosi kunsi kwa kama wace, nandionetsa kamera, yogula kwa munthu wina amene anaigwiritsa kale nchito, pamodzi ndi coikapo cace ca miyendo itatu. Nditamva mtengo wace ndinapsya mtima, ndinati, "Iwe, amako adontherwa mvula m'nyumba, ndipo iwe utaya ndalama pa coseweretsa?" Iye sanatsutsane nane, koma anati, "Bambo, mawa ndi tsiku langa lopuma. Tiyeni mukaone, ndipo mukandiweruze mutaona."

Tinafika padoko madzulo. Ku dziko limenelo mwezi wa December dzuwa licedwa kulowa, kotero kuti pa 7 koloko kunali kukali kowala ngati masana, ndipo linalowa nthawi iri pafupi kukwana 8 koloko. Kumbuyo kwa mzinda kuli phiri la Table Mountain, lathyathyathya pamwamba monga dzina lace linena, lotalika mamita opitirira 1,000. Anthu anali piringupiringu, a mitundu yonse, ena kudya, ena kugula, ena kungoyenda. Nsanja ija ndinaizindikira pomwepo, koma inandicepera, pakuti m'cithunzi inaoneka ngati mfumu ya malowo, ndipo apa inali kanyumba pakati pa nyumba zazikuru.

Doko limeneli liri ndi mbiri yace. Kale zombo zinali kuima poyera m'nyanjamo, ndipo namondwe wa m'caka ca 1858 anaononga zambiri. Cifukwa cace boma linatsimikiza kumanga khoma la miyala lochinga mafunde. M'mwezi wa September 1860 Alfred, mwana wa Mfumukazi Victoria, mnyamata wa zaka 16, anakhuthulira m'madzi miyala yoyamba, ndipo dziwe loyamba la zombo, lotsegulidwa m'caka ca 1870, lichedwa dzina lace kufikira lero. Koma miyala yotsalayo, imene inali yosawerengeka, anaiphwanya ndi kuisenza ndi akaidi, amene anawamangira ndende pafupi pomwepo cifukwa ca nchitoyo. Nsanja yofiira ija inatha kumangidwa m'caka ca 1882, ndipo inali ofesi ya mkuru woyang'anira doko. Pambali pace mpamene pacokera mabwato opita ku cisumbu ca Robben Island, kumene Nelson Mandela anakhala m'ndende zaka 18, kuyambira 1964 kufikira 1982. Cakumadzulo pang'ono kuli nsanja ina ya mizere yofiira ndi yoyera, yocenjeza zombo usiku, dzina lace Green Point. Nyali yace inayamba kuyaka m'caka ca 1824, zaka 35 Livingstone asanaone nyanja yathu.

Dzuwa litalowa mwana wanga sanafulumire. Anati nthawi yabwino ndi ya cisisira, nyali zitayatsidwa koma thambo lisanade bii, ndipo nthawiyo siikhalitsa. Anaimika miyendo itatu ija pa simenti, naiyesa ndi dzanja monga mai ayesa mafuwa asanatereke mphika, namangirira kamera pamwamba pace, naipenyetsa ku nsanja ndi ku kamlato kooloka anthu kamene kali patsogolo pace. Pamenepo anayamba kundiphunzitsa, ndipo ine amene ndaphunzitsa ana a eni zaka zoposa makumi awiri ndinachera khutu ngati wa Sitandade 1.

Kamera ifanana ndi diso, monga tinaphunzira ku sukulu ya uphunzitsi. Iri ndi kaboo kolowera kuunika, konga kamboni ka m'diso, ndipo iri ndi cotsekera conga cikope. Masana kuunika kucuruka, cotero cikope cingophethira kamodzi, mwina gawo limodzi la magawo 250 a sekondi, ndipo cithunzi catha. Koma usiku kuunika kucepa, ndipo kuphethira kotere sikugwira kanthu koma mdima. Mudziwa inu amai kuti pa mvula yamphamvu ndowa idzaza msanga pansi pa denga, koma pa mvula yowaza muyenera kuisiya pomwepo nthawi yaitali, ndipo madontho aunjikana pang'onopang'ono kufikira idzala. Momwemonso wojambula usiku asiya cikope cotsegula, kuti kuunika kocepako kuunjikane. Mwana wanga anacisiya masekondi 30. Ndinawerengera m'mutu, ndinapeza kuti nthawiyo iposa kuphethira kwa masana kuja ka 7,500.

Anacepetsanso kaboo kaja, pa nambala imene iwo aicha f/11, kuti zapafupi ndi zakutali zioneke bwino pamodzi. Ndipo nyenyezi zija ndinazizwa nazo zicokera pomwepo: kabooko kapangidwa ndi timasamba ta citsulo tosanjikizana, ndipo kakacepa, kuunika kupatuka m'mbali mwa timasambato, ndi kuturuka ngati minga. Pali nambala yinanso, yochedwa ISO, imene iri ngati kucenjera kwa kamera pakumva kuunika. Iye anaiika pansi, pa 100, pakuti ukaikweza cithunzi cidza msanga koma cidzala ndi timadontho tonga mcenga. Ndipo lamulo loposa onse ndi ili: pa masekondi onsewo kamera isagwedezeke konse. Ngakhale cala cokanikiza batani cigwedeza, cotero aichera kuti iyambe yokha patapita masekondi 2, dzanja litacoka.

Cithunzi coyamba ndinaciononga ndine. Pofuna kusuzumira ndinatsamira mwendo umodzi, ndipo nsanja inaturuka iwiri, ndi nyali zonse zinali ngati nyongolotsi. Caciwiri inaononga ndi mphepo, pakuti miyezi imeneyo kuomba mphepo yaukali yocokera kumwera cakum'mawa, mbale wace wa mwera wa kunyanja kwathu. Mwanayo anakoloweka cikwama cace pakati pa miyendo ija kuti ilemere, naima ku mbali ya mphepo, natambasula jekete lace kucinjiriza. Sanadandaule, ndipo ndinazizwa, pakuti ali mwana anali wosakhazikika, wosatha kudikira ngakhale mbatata ipsye. Ndithu kuona maso a nkhono nkudekha.

Pa cacitatu ndinaima patali, manja kumbuyo, ndi kupenya bwino zonse zimene zinacitika pa masekondi 30 aja, kuti ndikazifanizire ndi cithunzi. Pa kamlato paja panaoloka anthu oposa makumi atatu. Panapita mnyamata wokankha ngolo ya zinyalala, ndi mai wina wa tsache, ndi anyamata awiri obvala maepuloni akuthamangira ku nchito, amene analankhulana m'cinenero cathu comwe cino. Bwato linapita pamadzi, ndi mafunde analikugabvira. Pamenepo kamera inati khethe, ndipo mwana wanga anandiitana.

Abale, kamlato kanali kopanda munthu. Madzi anagona ngati galasi. Bwato panalibe, koma m'njira yace munatsala mzere wofiira, woongoka ngati wolemba ndi rula. Ndinapenya kumlato, anthu ali piringupiringu. Ndinapenya m'kamera, muli zii ngati kumanda. Tsitsi linandiimirira.

Koma mulibe matsenga m'menemo. Nsanja ikhala pamalo pace masekondi onse 30, ndipo kuunika kwace kugwera pa malo amodzi kufikira kukwana. Munthu woyenda akhala pa malo amodzi kamphindi kokha, ndipo kuunika kocepa kocokera pa thupi lace kumwazika m'njira monse, ndi kumizidwa ndi kuunika kwa zinthu za kumbuyo kwace. Mafunde akwera natsika, ndipo kamera iwasanganiza onse akhale cinthu cimodzi cosalala. Koma cinthu coyenda ciri ndi nyali yace cisiya mzere, monga mwana akazunguza cikuni usiku timaona mkombero wa moto. Mitundu ya mizereyo icokera ku lamulo la panyanja, lakuti combo ciri conse cikhale ndi nyali yofiira ku dzanja lamanzere ndi yobiriwira ku dzanja lamanja.

Nditabwera kuno ndinawerenga kuti zimenezi zinaoneka kuyambira paciyambi pa luso lojambula. M'caka ca 1838 Louis Daguerre, wa ku France, anajambula mseu wina wa mu Paris wochedwa Boulevard du Temple. Masiku amenewo ngakhale masana kamera inalikufuna mphindi zingapo. Mseuwo unali wa anthu ndi magareta ambiri, koma m'cithunzi uli wopanda kanthu. Aoneka bwino munthu mmodzi yekha, amene anaima kuti ampukutire nsapato, ndipo wopukutayo, popeza analikugwedezeka ndi nchito, angooneka mwa cizimezime.

Koma usiku uja sindinadziwe zimenezi, ndipo ndinati kwa mwana wanga, "Zithunzi zako zinama. Watinamiza zaka zinai, ndipo ine ndanamiza nazo ana a eni." Iye anati, "Iai, Bambo, sizinama. Nsanja iripo, madzi alipo, nyali ziripo. Kamera isunga cimene cakhazikika, ndipo woyendayenda imtaya." Anakhala kanthawi osanena kanthu, napitiriza, "Ndipo si kamera yokha. Ife othamanga ndi mbale ndi matsache, anthu odzaceza kuno sationa ngakhale dzuwa liri pamutu." Ndinakumbuka akaidi aja osenza miyala, ndi mnyamata wacifumu amene anakhuthula ngolo imodzi nasiya dzina.

Ndinamfunsa cifukwa cace acita nchito yotere yosampatsa ndalama. Anati, "Masiku asanu ndi limodzi ndithamanga, ndipo maso anga ali m'beseni. Pokhapokha ndikaima pano kudikira kamera mpamene ndipenya mzinda uno ngati munthu, ndipo palibe wondiitana." Ndinamfunsanso cifukwa cace sanatumize nkhope yace. Anawerama, nati, "Ndinaopa kuti Amai akaona kuonda kwanga adzalira, ndi kuti inu mudzacita manyazi pamudzi." Pamenepo mau anga a dzulo lija, akuti coseweretsa, anandiwawa m'kamwa, ndipo ndinampepesa. Sicinthu capafupi kwa atate kupepesa mwana, koma ndinatero.

Tsono ndinamuuza mau a amace, ndinati, "Sindibwerera wopanda nkhope yako. Kaime apo pa nsanjayo." Anayesa kukana, nati tijambule mawa masana, koma ine ndinati ndifuna iye alowe m'cithunzi comweco cimene anakhala alikubisalamo. Anati munthu sakhoza kuima osagwedezeka masekondi 30, cotero anacepetsa akhale 10, nakuza kaboo pang'ono, nandionetsa pokanikiza, nakaima pansi pa nyali. Ulendo woyamba anaseka, pakuti ndinawerenga mokweza ngati m'kalasi, ndipo mutu wace unaturuka ngati utsi. Ulendo waciwiri ndinawerenga cam'mtima.

Masekondi 10 ndi ocepa, koma yesani kupenya munthu m'maso nthawi yotere osalankhula. Ndinaona cipsyera ca pamphumi cimene anadzipweteka nalo khasu ali wamng'ono. Ndinaona kuti makutu ace ndi a atate wanga. Ndinaona kuti salinso mnyamata, ndi kuti m'mbali mwa maso mwayamba mizere. Ndipo ndinazindikira kuti kuyambira tsiku lija ndinamnyamula ali khanda sindinampenyenso motero. Ndinalikupenya makope ace a sukulu, ndi malipoti ace, ndi pambuyo pace zithunzi zace, koma iye mwini ai. Kamera inati khethe, ndipo ine sindinathe kuona cithunzico msanga, pakuti maso anga anali ndi madzi.

Cithunzico ciri nafe. Nsanja iri kumbuyo, yofiira; anthu opita ali ngati nkhungu ya m'dambo; ndipo pakati aima mwana wathu, woonda, manja ace ong'aluka ali poyera. Nkhope siiri yakuthwa ngati nsanja, pakuti munthu wamoyo apuma. Amace atacilandira anacipenya nthawi yaitali, nalira monga iye anaopa, koma atatha anapukuta misozi, nati, "Waonda, koma ndiye. Tsopano ndidziwa comupempherera." Usiku umenewo anagona tulo, ndipo m'mawa anamuimbira lamya, nalankhulana nthawi yaitali koposa zaka zinai zonse pamodzi.

Sukulu itatsegulira ndinaganiza zocotsa zithunzi zija pakhoma, koma ndinaleka, pakuti nzokoma, ndipo mwana wanga anazigwirira nchito ndi cipiriro. Ndinapacika ca nkhope cija pakati pao, ndipo ndinafotokozera ana zonse zimene ndakuuzani pano, za ndowa ndi mvula yowaza, za cikuni, za kamlato kodzala anthu, ndi za kacipinda ka malata. Mwa anyamata awiri aja mmodzi anabwera, nalowanso sukulu. Winayo sitimva mbiri yace kufikira lero, ndipo amace ndikakomana nao pa njira ndisowa poyang'ana.

Cifukwa cace, anyamata inu, sindikuletsani ulendo, pakuti atate athu anayenda, ndipo njala siimva malamulo. Koma mukaona cithunzi ca mzinda wowala, muyambe mwafunsa kuti diso linatsegulidwa nthawi yotani, ndi kuti anapita pamenepo ndani amene saoneka. Pakuti mukapitako mudzakhala m'gulu la iwowo. Inu makolo anzanga, musacite monga ndinacita ine, kunyadira nyali ndi kuiwala kufunsa za mwini. Ndipo inu ana athu okhala ku maiko a eni, ngati mau awa adzakupezani, tumizanibe zithunzi zanu zokomazo, tizikonda. Koma tsiku lina muime pansi pa nyali, mukhazikike kanthawi, kuti amanu akuoneni monga muli.